Utsi Woyera m'Tambula

Lolemba, 5 Ogasiti 2019

Ndikulemba izi kuti pasadzapezeke wonena kuti sanachenjezedwe. Nkhani ndi ya matimati a kalabu yathu kudimba kuno ku Mtakataka, ndi ya a Gidiyoni, amene tinawasankha kukhala wapampando chifukwa cha kukula kwa mawu basi. Mlembi ndine.

M'munda mwawo, kumtunda kwa ngalande, mitengo 23 ya matimati yafota masamba akadali obiriwira. Iwo akuti ndi ludzu. Dothi lake ndi lonyowa moti nsapato yanga inatsalira momwemo. Munda wotsatira ndi wanga. Kumunsi kwenikweni kuli nazale ya mabanja khumi ndi anayi. Ikadwala imeneyo, chaka chino palibe wowokera.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Mitengo 41. Ndadula tsinde limodzi n'kuliimika m'tambula ya madzi. Pasanathe mphindi zitatu, zoyera zinayamba kutsika ngati utsi. Mabakiteriya. Zaka makumi awiri ndinaphunzitsa sayansi kusekondale, kwa ana omwewa amene lero ali ndi ndevu ndipo amadziwa zonse.

Ndawaonetsa a Gidiyoni. "Aphunzitsi, mwayamba kuombeza ndi tambula?" Anthu phwete. A Misheck mpaka kukhala pansi ndi kuseka. A Misheck omwewo analephera phunziro langa kawiri.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndaimbira Ireen, mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zaulimi kukoleji. Akuti tizilomboti sitingotseka njira za madzi m'tsinde. Timabaya maselo a mbewu n'kuthiramo mapuloteni ozimitsa chenjezo, moti mbewuyo imadyedwa isakudziwa kuti yalowedwa. Koma pali mbewu zina zimene zimawazindikira mapuloteniwo, ndipo zimapha zokha maselo ozungulira malowo kuti matenda asapitirire.

Ndamuuza kuti mbewu yoteroyo ikuposa komiti yathu nzeru. "Malume, musakanene zimenezo pamsonkhano." Ndikanena.

Loweruka, 10 Ogasiti

Kuno tikafuna kukhotetsa madzi timatseka ngalande ndi matope ndi zinyalala zilizonse zimene zili pafupi. Lero ndapeza kuti a Gidiyoni akhala akuzula mitengo yofota ija n'kumatsekera ngalande. Madzi onse otsikira kumunsi akudutsa m'matenda. Nditawafunsa, anati, "Nanga nditaye mapesi abwinobwino?" Anayankha monyada, ngati munthu wodziwa kusamala zinthu.

Ndatseka ndekha njira ya madzi yopita ku nazale. Mayi Fagness, amene amaisamalira, tsopano akutunga pachitsime ndi ndowa. "Msana wangawu muulembanso m'buku mwanumo?" Ndaulemba.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ku Misa a Gidiyoni ndi amene anawerenga mawu oyamba. Mawu ali nawo ndithu.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Msonkhano unali pachitsime. Ndinabweretsa matambula atatu: ina ya tsinde la a Gidiyoni, ina ya mbande za ku nazale, yachitatu ya tsinde la m'munda mwanga, kuti anthu aone mmene matimati osamalidwa bwino amakhalira.

Ya a Gidiyoni inatulutsa utsi. Ya nazale inakhala mbee. Ndinali ndikufotokozabe za mapuloteni pamene Mayi Fagness anandigwira mkono n'kuloza yachitatu. Utsi unali kutsika pang'onopang'ono. Mbewu imeneyi ndaisunga ndekha zaka khumi ndi chimodzi, ndipo palibe tsamba limene linali litafota.

A Misheck anayamba kuseka, koma anapeza kuti ali okha.

"Ndiye tambula yanu yanama, aphunzitsi?" anatero a Gidiyoni.

"Sinama."

Za nzeru za komiti sindinanene. Ndinatenga khasu n'kukazula mzere wanga woyamba, onse akuona.

Zimene tagwirizana: minda iwiriyo izulidwe lero, mitengo itenthedwe kutali ndi madzi, musabzalidwenso matimati kwa zaka zitatu, ngalande izitsekedwa ndi miyala, osati mapesi, nazale izithiriridwa ndi madzi a pachitsime, mabanja onse mosinthana. Avomera: Mayi Fagness, a Misheck, a Saidi, ine, ndi ena asanu ndi anayi.

A Gidiyoni sanakweze dzanja. Anangondifunsa ngati ndili ndi machesi.