Amayi Awatenge Ngati Akamwini

Lilongwe
14 Sepitembala 1987

Okondedwa achemwali Easter,

Muli bwanji kumeneko ku Namitambo? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine ndili moyo, kungoti ndatopa, ndipo amene mwanditopetsa ndinu.

Paja ndine ndinauza abwana anga, a Mathero, kuti alendo akunja amene kampani yathu imayendetsa atopa n'kuona mvuu. Ena akufuna kugwira khasu, kuthyola nandolo ndi kulawa kalongonda wathu. Ndinachita kudziguguda pachifuwa kuti kwathu ndiye kwake, mpaka anavomera kutumiza gulu loyamba kumeneko. Zaka zinayi za ku yunivesite, koma amayi anga ondibereka osawadziwa!

Dalaivala wandifotokozera zonse. Akuti anthu asanu aja atangotsika, munawalowetsa m'nyumba, kuwaikira mpunga wa nkhuku, tiyi ndi buledi, kukoka chitseko, nonse n'kukakhala kuseri phee. Anthu kuchokera ku Jeremani konse kuja kudzaona khoma la amayi! Wina atasuzumira kukhitchini, akuti amayi anavundikira mphika wa kalongonda ndi lichero n'kuima kutsogolo kwake. Wina atatola khasu, alamu a Timoti anamulanda mwaulemu n'kumupatsa mpando.

Ndamva kuti amayi akuti sangadyetse mlendo pabwalo ngati alibe nyumba, komanso kuti anzawo a Mvano adzawaseka kuti analimitsa mzungu. Sindikuwatsutsa, anatilera choncho. Koma a Mathero andiitana muofesi n'kundiuza mosapsatira kuti gulu la Loweruka pa 26 likabweranso likudandaula, maulendo a kumudziwa atha, ndipo ntchito yanga ithera pomwepo. Sabata yonse yathayi ndakhala ndikulemba makalata opepesa, mpaka Chingerezi chandithera.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale nawo pansi amayi, muwauze kuti anthu akubwerawa asawaone ngati alendo, awatenge ngati akamwini. Pa nkhani yogwiritsa ntchito mkamwini amayi safuna mphunzitsi, alamu angachitire umboni. Awapatse mizere yawoyawo, awatume nkhuni, thobwa amwere m'chipanda pansi pa mango paja, ana ali pomwepo. Akatuluka matuza m'manja musapepese, ndi zimene adzera. Kalongonda yekhayo muphike nokha kuyambira Lachisanu, kutaya madzi monga mwa masiku onse kuti ululu wake uchoke. Sindikufuna mzungu achite chizungulire m'munda mwathu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Francisko ku Mikolongwe, azakhali, alamu ndi ana onse.

Amayi akakanitsitsa musawakakamize, ulemu ndi wawo. Mungochotsa matumba a chimanga m'chipinda changa chakale chija, chifukwa mwezi wamawa ndifika ndi masutikesi onse awiri.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Alufeyo