Mfiti Imene Inawoletsa Anyezi Wanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Yosefe wanu, uja munkamutcha Bwana Mabuku. Ndili bwino, kungoti ndakwiya nanu, ndipo mundilole ndikwiye mwaulemu. Munthu wamkulu ngati inu, kunyamuka mwezi wa Meyi, mbande za anyezi zili pa nazale, osatisiyira ndi mawu omwe? Mwatisiyira mlandu umene wandidyera miyezi iwiri ndi mbatata dengu lathunthu.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati uthenga woipa uzidikira panja mpaka anthu atadya. Mlamu wanga Nabanda, mkazi wa mng'ono wanga Lemekani, anachira mu Ogasiti. Mwana ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo akamalira amakweza mawu ngati inu poitana nkhuku. Bambo wake akadali ku Halale. Watumiza kalata ndi kachipewa kamene kadzamukwane mwanayo akadzayamba kusinja. Thonje la mlongo wanga Esinati lachita bwino, mpunga ndiwo unachepa. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, ndipo onse atengera mwano wa mayi wawo. Kumsika ku Salima amuna akutha malovu ndi nkhani ya Chitaganya. Ife kumudzi tikukangana za anyezi.

Nkhani yake ndi iyi. Titameta maliro anu, amalume a Zefaniya anagawa katundu wanu monga mwa mwambo. Atafika pa mbande zija anati aliyense wa mbumba atengeko, kuti anyezi wa malemu amere m'dimba lililonse. Anthu anazula ndi dothi lomwe, n'kunyamula m'malichero mwaulemu ngati anyamula mgonero. Nabanda yekha anamumana. Ati mtengwa ndi mlendo, alibe gawo pa za malemu. Ine ndinalipo, Amayi, ndipo ndinangoti duu ngati chitsa, digiri yanga ili m'thumba. Manyazi a tsiku limenelo ndidzafika nawo kumeneko.

Anyezi anaphuka bwino. Koma kutangoyamba kutentha, masamba anachita chikasu kuyambira kunsonga, n'kugwa. Ukazula, mizu palibe, kunsi kwake kwafewa, kwamera chuku choyera ngati thonje. Madimba asanu ndi limodzi, onse chimodzimodzi. La Nabanda lokha, kutsidya kwa khwawa, lili biriwiri, anyezi wake ngati zibakera. Alongo anu a Zefaniya aja mukuwadziwa, sachedwa kuwonkhetsa. Ati amene tinamumana ndiye akukolola, ndiye kuti watiwoletsera dala. Anagamula kuti Nabanda abwerere kwawo ndi khanda lake, asadikirenso mwamuna wake.

Apo ndiye pakamwa panga panatseguka. Ndinapempha milungu isanu ndi itatu. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, ati, "Mphwanga, zaka zinayi kunja kuja unkaphunzira kununkhiza anyezi wowola?" Ndinati inde amalume, ndipo ndinakhoza bwino kwambiri.

Ndinazula anyezi atatu m'dimba lililonse, kuwakulunga paderapadera, n'kupalasa njinga kupita nawo kuntchito kwanga kofufuza za mbewu ku Chitala. Fungo lake, ntchentche za boma lonse la Salima zinandiperekeza. Chuku, Amayi, ndi chamoyo, ndi mbale wake wa bowa, ndipo chili ndi mafuko ngati ife. Pa anyezi mmodzi wowola pamasonkhana mafuko angapo, monga zinalili pamaliro anu: ena anabwera kudzalira, ena kudzadya. Ine ndinkafuna amene anapha. Ndinawiritsa mbatata, kuidula timapande, kuika m'timbale tagalasi totsekera. Kenaka ndi singano yowotcha pamoto ndinkatapa kanyama ka anyezi pamalire, pamene powola pakumana ndi pabwino, poti pamenepo ndiye wakuphayo ali pantchito, n'kukabzala pa mbatata ija. Mbale zoyamba zonse zinaonongeka. Ndinayetsemulira. Musaseke.

Ulendo wachiwiri kunamera mitundu itatu. China chakuda ngati mwaye, china chobiriwira ngati ndere, china choyera chimene patapita masiku chinafiirira ngati m'kati mwa gwafa. Ndinaziika pa maikulosikopu, ija munkaitcha chitoliro choonera zosakukhudza. Chakuda chili ndi timitu tozungulira ngati mapini a atelala. Chobiriwira chili ngati timatsache. Koma chofiiriracho njere zake n'zopindika, zosongoka uku ndi uku, ndendende timabwato ta asodzi, totchingatchinga m'kati. M'mabuku dzina lake ndi Fuzariyamu. Likumveka ngati la wansembe wochokera ku Roma, koma khalidwe lake ndi la fisi. Chimabisala m'dothi zaka, chimakonda kutentha kwathu kuno kunyanja, ndipo chimalowera kumizu. Chimenechi ndinachipeza m'madimba onse asanu ndi limodzi. Zinzakezo mwa apo ndi apo.

Ndikanatha kuthamangira kumudzi pomwepo, koma ndinakumbukira tsiku lija munandikwapula chifukwa chonamizira galu wa eni. Munati wopezeka pakhola si ndiye wadya mbuzi. Tsono ndinatenga miphika itatu, kuthiramo dothi loti ndaliwotcha pamoto, n'kubzalamo anyezi abwinobwino ochokera kwa Nabanda. Woyamba ndinamupaka chakuda kunsi, wachiwiri chofiirira, wachitatu madzi okha. Miphikayo ndinaiika pakhonde pa amalume eni ake, kuti azithirira ndi manja awo, wina aliyense asayandikire. Anailondera kuposa mmene ankalonderera Esinati ali namwali. Atafuna kuwaza mankhwala awo otsirikira, ndinati wazani, koma muwaze yonse itatu.

Pa mlungu wachinayi, anyezi wa mumphika wachiwiri uja anagwetsa masamba. Tinazula tili awiri: mizu palibe, kunsi phwetephwete, chuku choyera chili mbuu. Anzake awiri aja ali njo. Ndinatapanso kanyama kake n'kukabzala pa mbatata, ndipo timabwato tomwe tija tinabwerera. Maikulosikopu ndinaibwereka kuntchito, kuikulunga m'bulangete, kubwera nayo kumudzi. Amalume anatsinzina diso lolakwika kaye, n'kunena kuti akuona mdima. Atatsegula loyenera anakhala nthawi, kenaka ati, "Usipa uwu walowamo bwanji?"

Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, mbumba yonse inakhala pansi pa mango panu paja. Ndinafotokoza zonse, miphika ili poyera. Amalume ati, "Chabwino, mfitiyo tayiona ndi maso. Nanga anaituma ndani?"

Funso limenelo ndi limene ndinkaliopa, poti yankho ndinali nalo kale. Dothi la pa nazale yanu ndinali nditaliyesanso.

Amayi, chinachokera kwa inu. Zaka zisanu ndi ziwiri mwakhala mukufesa anyezi pamalo amodzi, pafupi ndi chitsime, poti mawondo anali atakukanani. Chaka chatha anyezi ochepa amene anawola munawakwirira pomwepo kuti akhale manyowa, paja inu simunkataya ngakhale chisa cha chimanga. Ndiye ife ndi ulemu wathu tinazula mbande ndi dothi lomwe, n'kugawana matenda mwachilungamo, aliyense gawo lake. Anapulumuka ndi yekhayo amene tinamumana.

Ndinanena zimenezi pamaso pa onse, ndipo sindinabweze mawu. Esinati analira, ati ndatukwana manda. Ndinamuuza kuti ngati tikufuna wolakwa alipo, ndi mwana wamwamuna amene analonjeza katatu kuti adzakumbira mayi ake chitsime china pamalo atsopano, iye ali kalikiliki ndi mabuku. Mwana ameneyo mukumudziwa.

Nabanda, amene miyezi iwiri yonseyi sanayankhe munthu, anapereka khanda kwa Esinati, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kansalu kanu kobiriwira kaja munkamangiramo singano. Atamasula, munali njere za anyezi zotsala, zakuda ngati makala. Ati munamupatsa inu mu Febuluwale, muli awiri, n'kumuuza kuti akafese kutsidya kwa khwawa, pa nthaka imene sinaonepo anyezi. Anabisa poopa kuti adzati waba za malemu. Kansaluko aliyense anakazindikira.

Tsono apa ndiye pali mkwiyo wanga uja. Ndiye kuti munkadziwa, Amayi? Mphuno yanu inanunkhiza mu Febuluwale chimene ine ndachipeza mu Okutobala ndi maikulosikopu ya boma? Munanditumiziranji kusukulu? Ndipo bwanji munauza mpongozi yekha, ana anu obereka tili pompano? Musayankhe, ndikudziwa. Munkati mbewu uzipatsa wogwira khasu, wogwira pensulo umupatse moni.

Amalume sanapepese, musayembekezere zozizwitsa. Anangoyang'ana kumwamba kwa mango n'kunena kuti mwana wa dzina la mlongo wawo sangakakulire kwa eni. Nabanda sapita. M'mawa mwake amalumewo anafika ndi khasu, ndipo ndiwo anayamba kuzula. Anyezi onse owola tinaunjika pamodzi n'kutentha, ndipo misozi tinanamizira utsi. Dzana amalume anatuma Esinati kukafunsa ngati mlamu angasunge anyezi ena oti adzachite maluwa, kuti tonse tidzapeze njere. Nabanda wapatula dengu lalikulu. Anyezi wanu weniweni, uja wofiira wolusa, watsala m'manja mwa mlendo, ndipo mbumba yonse idzapempha kwa iye.

Ntchito sinathe. Nazale yanu ndi madimba aja tibzalamo chimanga ndi mapira zaka zinayi, anyezi asapondemo. Makasu onse ndikuwadutsitsa pamoto, ngakhale andiseke. Ndamva kuti m'midzi ina m'mbali mwa nyanjamu anyezi akuwolanso, ndipo kumene kwawola anyezi sikusowa mkazi wina amene akulozedwa chala. Ndipita dimba ndi dimba ndi njinga yanga, singano yanga ndi mbatata zanga, mpaka ntchentche zitatopa nane.

Mupereke moni kwa abambo. Muwauze kuti njinga yawo ikadali yamoyo, koma fungo lake lasintha.

Ndikulonjeza, ndipo ulendo uno si ngati maulendo atatu aja: mvula isanagwe ndikumba chitsime chija kutsidya kwa khwawa. Ndayamba kale dzulo, ndafika m'mawondo, manja a Bwana Mabuku ali matuza okhaokha. Madzi oyamba adzatunga ndi Nabanda, mwana wa dzina lanu ali kumbuyo.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamwano monga munandisiyira,

Yosefe