Chimbale cha Bambo Padenga

Al Qusais, Dubai
21 Febuluwale 2021

Okondedwa achimwene a Jethro,

Moni ndikupatsani poti ndinu aakulu, koma dziwani kuti ndakwiya nanu kwambiri.

Chithunzi chomwe alamu a Matildah anditumizira ndachiona. Chimbale cha bambo chapindika ngati chipewa. Akuti mutabwera kumanda munachapa katundu yense wa malemu ndi madzi otentha poopa korona, chimbalecho n'kuchiyanika padenga la malata tsiku lonse pamodzi ndi mabulangete. Munthu wa imvi ngati inu, simudziwa kuti mbale ya galamafoni sigwirizana ndi dzuwa? Ine ndine namwino, odwala korona ndimawagwira tsiku ndi tsiku. Chinakuvutani n'chiyani kundifunsa?

Ndikudziwa munena kuti linali phokoso chabe. Inde, nanenso ndinkadana nacho. Lipenga lolira ngati mbuzi yokodwa, ng'oma zothamanga pazokha, popanda poyambira kuvina. Koma bambo anachilandira m'manja mwa Mjapani uja ankakonza naye magalimoto ku Zomba, ndipo anachisunga zaka makumi anayi osachikanda. Mwaiwala Lamulungu lililonse akusita malaya chimbalecho chikulira, ife titatseka makutu? Ankati, "Ana inu, oimbawatu sakukangana. Akumverana." Inu simunamverepo munthu, n'chifukwa chake simunawamvetse.

Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Nyumba tengani, njinga tengani, ine mundisungire chimbale. Kuchipatala kuno anandikaniza tchuthi, maliro a bambo anga ndinawaonera pafoni nditavala masiki m'kachipinda kosinthira zovala, inu mukugwedeza kamera. Ndinadzitonthoza kuti tsiku lina ndidzakhala pansi n'kuchimvetsera mpaka kumapeto, zomwe sindinachitepo ali moyo.

Tsono imvani zomwe sindinauze aliyense. Chaka chatha singano ya galamafoni yawo inatha, anandipempha kuti ndiwapezere kuno. Ndinaipeza m'kasitolo kena ku Al Rigga mwezi wa Ogasiti. Mnzanga Rosta popita kumudzi anandifunsa ngati ndili ndi katundu, ine n'kumupatsira mafuta odzola a alamu, singano n'kuiwala m'dirowa. Bambo akafunsa ndinkati, "Inshallah, Mulungu akalola, mwezi wamawa." Anafunsa katatu, kenaka anasiya. Miyezi yawo yomaliza ankasita malaya kuli zii.

Musachitaye chimbalecho, ngakhale chapindika. Mukachitaya, ine ndi inu khalas, ubale wathera pomwepo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mukapita kumanda mukawauze bambo kuti singano ija ndinagula, ili pano.

Ndine mlongo wanu,
Everlyn