Njerwa za Zikombole Ziwiri

Lolemba, 3 Novembala
Mitambo yayamba kusonkhana. Mtima wanga suli m'malo. Mwana wanga Kamlomo wakhoza, akupita Sitandade 5, koma sukulu yathu imathera 4. Ya 5 ili kutsidya kwa mtsinje, kuwoloka pa chipika. Ine sukulu ndinasiyira pomwepo, tsiku limene madzi anatenga mnzanga ndikuona. Wangayu sawolokapo ayi.
Aphunzitsi aakulu akuti woyendera sukulu abwera pa 14. Akapeza khoma la kalasi yatsopano lafika pa mawindo, atipatsa mphunzitsi ndi malata. Apo ayi, chaka china.

Lachitatu, 5 Novembala
Tatsegula uvuni. Njerwa zapsa bwino. Kusenza mpaka khosi kuuma. Amayi anabwera kudzaona, ndodo m'manja. Akuti sukuluyi inayambira pansi pa mtengo uja, bolodi lokhomera pa thunthu, mvula ikagwa aliyense kwawo. Kalasi yoyamba ya udzu, mbuzi zinadya mbali imodzi. "Ife tinamanga ziwiri za njerwa, inu ikukanikeni imodzi?"

Lachisanu, 7 Novembala
Zavuta. A Levulo, mmisiri wathu, aika zida pansi. Njerwa sizikufanana. Akumtunda anaumba ndi chikombole chawo, ife akumunsi ndi chathu, palibe anayerekeza. Zina zazikulu, zina zazing'ono, mu uvuni tinangosakaniza. Mzere ukuyenda ngati njoka. A Levulo akuti, "Ine sindimanga manda a ana." Azibambo kulozana zala tsiku lonse. Bambo ake a Kamlomo momwemo, pakamwa pokha.
Ndakalira kuseri kwa chimbudzi. Kenako ndapukuta.

Loweruka, 8 Novembala
M'mamawa kwa a Levulo. Ndati, bambo, bwanji tizisankhe, zazikulu ziyambe pansi, zazing'ono pamwamba. Anaseka. "Mayi, mukudziwa kuti zilipo zingati?" Sindikudziwa, sindikufunanso kudziwa. Ndathyola kamtengo kofanana ndi njerwa yaikulu. Yokwana kumanja, yoperewera kumanzere. Ndinayamba ndekha. Pofika masana tinalipo amayi asanu ndi awiri. Aliyense ndamuthyolera ndekha kamtengo, kuyeza ndi kanga. Uchitsiru kawiri ayi.

Lachiwiri, 11 Novembala
Zala zasupuka, cholembera chikuvuta kugwira. Dzulo yagwa mvula yamphamvu. Mtsinje ukumveka ndili m'nyumba. Khoma lafika m'chiuno. Alamu anga aja ankati akazi tikusewera ndi timitengo, lero ali m'dzenje kuponda matope, osatukula mutu.

Lachisanu, 14 Novembala
Woyendera sukulu uja abwera pa njinga yamoto, chikwama kumsana. Mbali zitatu zafika pa mawindo. Yachinayi kwatsala mizere iwiri. Iwiri yokha! Anayang'ana khoma, anayang'ana manja athu. Kenako akuti, "Ndikaone kaye sukulu ina. Pano ndifika 3 koloko. Panopa sindinafike."
Ino ndi 11. A Levulo akukuwa kuti madzi atha. Ndowa yanga ili kuti