Jekete ya apongozi ndinkaichapa ngati ovololo

Aphungu,

Kalatayi ndikulemba mtima uli m'malo, koma mukanandiona masabata atatu apitawo mukanandimvera chisoni. Ndine mayi wa zaka 31, wa ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito pakampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali kumbuyo kosungira katundu, pakati pa matumba a simenti ndi zitini za penti. Kumeneko zovala si nkhani. Umavala ovololo pamwamba, ndipo m'kati ngakhale uvale malaya ong'ambika kukhwapa palibe amadziwa. Ovololoyo kuchapa kwake kunali kwa nkhondo: kuinyika m'sopo waufa, kuikwecha ndi burashi, kuifinya mpaka manja kuwawa, n'kuikoleka pawaya kuti dzuwa limalize ntchito.

Miyezi iwiri yapitayo abwana anandisamutsira kutsogolo, padesiki yolandirira alendo, kuti andiyese kwa miyezi itatu. Ndinasangalala mpaka pamene ndinatsegula kabati. Zovala zinalimo tho, koma chilichonse ndinachigulira ukwati kapena phwando. Lolemba ndinavala diresi lobiriwira la lesi. Lachitatu ndinavala lija la timikanda tonyezimira pachifuwa, ndipo madalaivala athu anandifunsa kuti mkwati afika nthawi yanji. Lachisanu abwana, omwe ndi amayi ofatsa, anandiitanira mu ofesi mwawo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ntchito mukuigwira bwino, koma makasitomala akumayang'ana diresi m'malo momvera zimene mukuwauza." Ndinatulukamo manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Bambo a kunyumba anakaiulula nkhaniyi kwa mayi awo. Apongozi angawa anaphunzitsa sukulu zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo si anthu olankhulalankhula. Pazaka zisanu ndi zinayi za banja langa sitinakanganepo, komanso sitinakhalepo pansi n'kucheza mpaka kuseka. Akandiyang'ana ndinkangomva ngati akuchonga kope langa. Ndiye tangoganizani mmene ndinadabwira atafika mawa lake ndi chikwama, n'kutulutsamo siketi yotuwa ndi jekete yabuluu woderapo, ya nsalu yaubweya. Jeketeyo anaigula chaka chimene anakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu, zaka zoposa makumi awiri zapitazo, koma inkaoneka ngati yangotsika kumene m'sitolo. Anandiuza kuti ndiivale, koma ndidzaibweze pakatha miyezi iwiri, chifukwa ana amene anawaphunzitsa kalekale akukonza mwambo wothokoza aphunzitsi awo, ndipo iwo adzavala imeneyo.

Kuntchito zinthu zinasintha sabata yomweyo. Madalaivala anatseka pakamwa, abwana anayamba kundituma kukalandira alendo akuluakulu pageti. Koma mumtima mwangamu chondisangalatsa kwambiri chinali chakuti apongozi andikhulupirira ndi chinthu chawo chapamtima. Ndinalumbira kuti ndidzaibweza ili yoyera kuposa mmene inabwerera. Apa ndi pamene ndinalakwira.

Lachitatu ndi Loweruka lililonse jekete ija inkalowa m'beseni. Ndinkaikwecha pakolala ndi burashi yomwe ija ya ovololo, n'kuifinya, n'kuipinda pawaya. Ikapanda kuuma bwino pofika m'mawa, ndinkaiumitsa ndi simbi yotentha kwambiri, kudinikiza ndi mphamvu zonse. Patatha masabata atatu ndinayamba kuona zachilendo. Mapewa anagwa, lina kutsika kuposa linzake. Nsalu ya m'kati inayamba kukoka, manja n'kumaoneka okwinyika. Pakolala ndi m'zigongono panayamba kung'anima ngati pathalauza la mlonda. Ndinachita mantha, ndipo chifukwa cha manthawo ndinaganiza kuti mwina sopo sakutuluka bwino, ndiye ndinawonjezera kuchapa.

Loweruka lina m'mawa ndili chiweramire pabeseni kuseri kwa nyumba, jekete ili m'thovu, burashi ili m'manja, ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali apongozi, atabwera kudzaona adzukulu. Anasuzumira m'beseni muja. Kenako anawerama, n'kutulutsa jekete m'madzi, n'kuiyang'ana uku ndi uku madzi akuyenderera m'manja mwawo. Anati, "Mwana wanga, jekete imeneyi pazaka makumi awiri yalowa m'madzi katatu kokha."

Aphungu, ndinalira ngati mwana. Ndinawauza zonse, kuti ndinkafuna kuwasangalatsa, kuti kuchapa kumene ndikudziwa ndi komweku. Ndinkayembekezera kuti andiuza mawu amene ndidzawakumbukire mpaka kukalamba. M'malo mwake anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kupukuta misozi. Anaitsukuluza okha m'madzi ozizira, anaikulunga m'thaulo n'kumadinikiza pang'onopang'ono, kenako anaiyala pamthunzi. Tsiku limenelo tinamwa tiyi limodzi n'kucheza maola awiri, ndipo anandisimbira mmene iwonso anawotchera diresi la mkulu wawo ali mtsikana. Potsanzikana anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Musavutikenso n'kuibweza, ndi yanu. Amene muli pantchito ndi inu." Ndinamva ngati anditula katundu pamutu.

Lolemba lake ndinapita nayo kwa atelala achikulire amene amasokera pakhonde la sitolo pafupi ndi kuntchito. Anandikalipira kaye ngati mwana wawo, ati anthu ngati ine ndi amene timawakalambitsa msanga. Kenako anaisunga masiku anayi. Anasintha timapilo ta m'mapewa, anamasula nsalu ya m'kati n'kuisokanso, ndipo anaisita kudzera pansalu yonyowa. Yabwerera m'chimake, Aphungu. Chatsala ndi kamalo kakang'ono pakolala yakumanzere komwe kakung'animabe, koma mpaka munthu achite kuyandikira.

Ndiye pano ndikugona tulo. Apongozi anandikhululukira, jekete yachira, kuntchito akuti ndikuoneka kuti ndikhazikika. Ngakhale za mwambo wa aphunzitsi uja sizikundipanikizanso, chifukwa dzana anauza bambo a kunyumba kuti sapitako, mawondo akuwavuta. Chimene ndikupempha ndi nzeru. Ndiisamale bwanji jeketeyi kuti ndisaipwetekenso? Ndigule chiyani kuti ndisamangodalira chovala chimodzi sabata yonse, popeza sindingathe kugula zambiri nthawi imodzi? Nanga madiresi a maphwando adzaza kabati aja ndiwatani?

L.K., m'tauni muno


Mayi L.K.,

Ndaseka nanu limodzi, ndipo ndapumira m'mwamba nanu limodzi. Musadzione ngati wopusa. Munachapa mmene ntchito yanu yakale inakuphunzitsirani, ndipo kwa ovololo munkakhoza. Vuto ndi lakuti ambirife tinakula tikudziwa kuti chovala chosamalidwa ndi chimene chalowa m'madzi kawirikawiri, pamene zovala zina madzi ndi amene amazipha.

Tiyambe ndi jeketeyo. Burashi ya ovololo isaiyandikirenso. Pezani ina yofewa, ndipo mukangofika kunyumba muziivula musanalowe kukhitchini kapena kunyamula mwana. Ipukuteni fumbi kuchokera m'mapewa kutsikira pansi, tulutsani zonse za m'matumba, n'kuikoleka pahang'ala yamtengo ya mapewa otambalala. Msomali wa kuseri kwa chitseko ndi waya wakuthwa ndi zimene zimagwetsa mapewa. Isiyeni pamalo opita mphepo, pamthunzi, kuti thukuta lichoke lokha. Pakadontha kanthu, pukutani pamalo pokhapo ndi kansalu konyowa, osati kumiza chovala chonse. Ikafika podetsedwa kwenikweni, mwina kamodzi pachaka, ipititseni kwa ochapa masuti. Posita, simbi isakhudze nsalu mwachindunji: yalani kansalu koyera konyowa pamwamba, dinikizani pang'ono n'kukweza, osakhwekhwereza. Kamalo kong'anima kaja kayeseni ndi kansalu konyika m'madzi othira viniga pang'ono, koma yambani mwayesa m'kati mosaonekera. Ndipo jekete imafuna kupuma. Mukaivala lero, mawa igone.

Izi zikutifikitsa pa funso lanu lachiwiri. Simukusowa zovala zambiri. Mukusowa zochepa zimene zimagwirizana. Muli kale ndi jekete yabuluu ndi siketi yotuwa, ndiye chilichonse chimene mugule chiziyenda ndi ziwirizi. Yambani ndi mabulauzi, chifukwa ndi amene amakhudza thupi ndipo amachapidwa pafupipafupi: awiri oyera, ina yabuluu wowala, ina ya mtundu umene mumaukonda koma yopanda maluwa aakulu. Mwezi wotsatira onjezerani siketi yakuda kapena thalauza lakuda lokukwanani bwino. Kenako juzi yopepuka ya mabatani yovala masiku amene jekete ikupuma, ndi nsapato zakuda zotseka kutsogolo zimene mungaime nazo tsiku lonse osatsimphina. Zimenezi mukamazisinthanitsa mutha masabata awiri osaoneka ngati mwabwereza, ndipo m'mawa simudzaimanso pakabati kudzifunsa kuti lero ndivale chiyani.

Pogula, kaya m'sitolo kaya pakaunjika, maso asathamangire mtundu. Tembenuzani chovala muone msoko. Finyani nsalu m'dzanja n'kuisiya, ikakwinyika kwambiri idzakuvutani tsiku lililonse. Dzifunseni ngati chingavalidwe ndi zinthu zitatu zimene muli nazo kale, ndipo ngati yankho ndi ayi, chisiyeni ngakhale wogulitsa akutamandeni kuti mwaoneka ngati mtsikana. Chimene chakula pang'ono musachiope, atelala anu aja achikonza. Munthu amene anakukalipirani chifukwa cha jekete ya eni ake ndi mmisiri weniweni, mugwireni bwino.

Mabulauzi oyera muzichapa paokha, m'madzi ozizira, ndi manja, osafinya mopotokola. Zakuda muzizitembenuza poyanika ndipo muziyanika pamthunzi, apo ayi pakutha miyezi itatu zidzasuluka. Batani likayamba kugwedera lisokeni tsiku lomwelo lisanasowe. Nsapato muzipaka polishi Lamlungu, osadikira kuti zichite kukupemphani.

Madiresi a maphwando musawatayire limodzi onse chifukwa cha manyazi a sabata imodzi. Maukwati sanathe. Sankhani awiri kapena atatu amene mumawakondadi, muwachape, muwasunge m'thumba la nsalu. Otsalawo yang'anani ngati pali amene atelala angachotse timikanda kapena kuwadula kukhala bulauzi. Ena apatseni achibale amene angawavale, kabati ipume.

Tsopano khalani pansi, chifukwa pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chimene mwachidutsa mothamanga. Mwati apongozi sapita kumwambo chifukwa cha mawondo. Amayi amene anayenda okha kubwera kudzaona adzukulu, n'kuwerama pabeseni kutsukuluza jekete, mawondo awo ayamba liti kuvuta? Ine sindikuwadziwa, ndipo mwina akudwaladi. Koma kumbukirani kuti jekete anaiona komaliza ili yonyowa, mapewa atagwa. Sakudziwa kuti yachira. Munthu amene wavala chovala chimodzi pamasiku ake onse aulemu kwa zaka makumi awiri sapita kukaima pamaso pa ana amene anawaphunzitsa atavala china chongotola. Ndipo mayi wanzeru ngati ameneyo sangakuuzeni zimenezi, chifukwa akudziwa kuti mungalirenso. Anasankha kutaya tsiku lawo kuti inu mukhale ndi mtendere.

Choncho musawafunse ngati akuifuna, adzakana. Musatumenso bambo a kunyumba. Loweruka likubwerali ipukuteni, muisite mmene ndakuuzirani, muikoleke pahang'ala, ndipo mupite nayo nokha. Kamalo kong'anima kaja muwaonetse ndi chala chanu asanakaone okha. Muwauze kuti mphatso munailandira ndi manja awiri ndipo idzabwerera kwa inu, koma tsiku limenelo mwawabwereka, ndipo mudzawaperekeza. Ngati mawondo akuvutadi, mudzakonza galimoto.

Chenjezo langa ndi ili: musazengereze poganiza kuti nkhani inatha pamene anaseka. Jekete atelala aikonza m'masiku anayi, koma mwambowo ukadutsa iwo ali kunyumba, palibe mmisiri amene adzaubweze.

Aphungu