Sitima Yosafuka Utsi

Chawama, Lusaka
Lachitatu, 9 Julaye 2025

Okondedwa alongo anga, a Bornwell,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Solwezi, ndi kuti chifuwa chija cha fumbi la kumgodi chinakusiyani. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatikhaulitsa, ndipo amayi miyendo ikuwavutabe m'mawa. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ndili nayo. Pafoni inu simudikira kuti munthu atsirize mawu, ndiye ndaona kuti pepala lokha ndi limene simungalidule pakamwa. Ndaipereka kwa kondakitala wa basi kuti ikupezeni musananyamuke.

Nkhani ndi ya Loweruka likubwerali, pamene akwawo kwa Kangwa akudzakambirana nafe za malowolo a mng'ono wanga Mailesi. Munati mwatenga tchuthi kuti mudzakhale pambali pa amalume, mudzamuone nokha mnyamata woyendetsa sitimayo. Chonde werengani mpaka kumapeto musanaimbire aliyense.

Mukundidziwa ine, tomato sindigula ndisanamutembenuze. Tsiku limene Mailesi anatiuza kuti wapeza mwamuna woyendetsa sitima ya katundu, amayi analulutira, inu munaseka pafoni mpaka tonse tinamva, koma ine mtima unakana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kangwa atabwera kudzationa ndinamuthirira madzi osamba m'manja, ndipo manjawo ndinawayang'anitsitsa. Anali ong'ambika, otuwa m'mizere, zikhadabo zodyeka. Ndinadzifunsa kuti kodi sitimayo amachita kuikankha?

Chinanso, woyendetsa sitima amagona kutali, lero Kapiri, mawa Livingstone. Uyu tsiku lililonse madzulo ali mu Lusaka, Lamulungu lililonse ali kutchalitchi kwawo ku Kanyama. Amalume atamufunsa chifukwa chake zovala zake sizinunkha dizilo, anayankha akuyang'ana pansi kuti sitima yake ndi ya mtundu watsopano, yokhala ndi injini ya dizilo komanso batire, ndipo ikamakoka mabogi pang'onopang'ono m'bwalo la sitima imayendera batire yokha, osafuka utsi. Amalume anagwedeza mutu mokhutira. Ine ndakulira m'mbali mwa njanji muno, ndipo sitima yosafuka utsi sindinaionepo.

Chimene chinandimaliza ndi kanema yemwe Mailesi anaonetsa amayi pafoni, akuti ndi Kangwa ali pantchito. Munthu sankaoneka, ankangooneka mawotchi a m'kati mwa sitima ndi njanji kutsogolo. Njanjiyo inali yoyera, alongo, yopanda ngakhale pepala la pulasitiki limodzi. Panalibe mayi wodutsa ndi beseni pamutu, panalibe woyanika chimanga, ngakhale mbuzi. Inu mukuidziwa njanji yathu, anthu anaisandutsa msika ndi njira yachidule. Ndinati mumtima, uyu ndi tambwali wa m'tauni, akufuna kutibera mwana ndi bodza. Ndinamuda, sindibisa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lolemba ndinasiyira mnzanga tebulo langa la masamba, ndinapita ku Kanyama m'mawa, n'kumutsatira Kangwa chapatali. Sanalowere kusiteshoni. Anakalowa m'nyumba ina yosungira katundu kudera la mafakitale, ku Industrial, ndipo ndinamuona ndi maso angawa akutuluka ndi thumba la simenti paphewa, kuliponya m'lole, n'kubwerera kukatenga lina. Ndinafuna kukuimbirani pompo, koma ndinati ndidikire aweruke, ndione kumene amakatenga mabodza akewo.

Ataweruka anasamba pampopi, n'kupita kumsika wa Kanyama, kukalowa m'kashopu ka munthu wina dzina lake Clive, komwe anyamata amasewera magemu a pakompyuta. Anzake onse anali pa mpira ndi nkhondo, phokoso lokhalokha. Iye anakhala pakona. Nditasuzumira pazenera ndinaiona njanji ija yoyera, mawotchi omwe aja, mabogi a malasha ndandanda kumbuyo. Sitima ya mlamu wanu, alongo, ndi gemu.

Ndinalowa mwakachetechete kuti ndikamuyalutse pamaso pa anzake. Koma nditafika kumbuyo kwake ndinaona kuti pampando wapafupi pakhala mkazi wofunda chitenje changa chomwe chinasowa pachingwe. Anali Mailesi. Onse awiri sanandione.

Mailesi anakhosomola kawiri monga muchitira inu musanalankhule, anakulitsa mawu, n'kunena kuti, "Iwe mufana, niuze. Ngati batire yasila mphamvu uli pa chulu na mabogi yolema, uchita bwanji?"

"Niyasha injini ya dizilo, bakalamba," anayankha Kangwa, maso ali pagalasi. "Pa kuseluka nimanga buleki, batire iyamba kuchaja futi."

"Wachedwa kuyankha. Ba Bornwell sibayembekeza. Bwezela."

Anali mawu anu enieni, alongo, mpaka kakhosomoledwe. Tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwa pansi. Apa sindinaseke.

Kutsogolo kwa sitimayo kunayaka nyali yofiira. Kangwa anayamba kumanga mabuleki patali, pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Pamenepo ndi pamene ndinatchula dzina la Mailesi. Mnyamatayo anadzidzimuka, chala chinachoka pabatani, sitima inapitirira nyali ija, ndipo gemu inathera pomwepo. Anaimirira, n'kundipatsa mpando wake.

"Ba mulamu, nkalani," anatero.

Ndinakana kukhala. Ndinamufunsa ngati alibe manyazi kunamiza nkhalamba yodwala miyendo. Sanadziteteze. Anati, "Ine nimanyamula simenti, ba mulamu. Siniyendesa sitima. Nenze kufuna kukamba chilungamo kuchokela pa kuyamba."

"Ndine ninanama, ba Norah," anatero Mailesi. "Musiyeni uyu. Ine ninauza bamayo, ine ninauza ba Bornwell. Kangwa anazamvela pambuyo, anakalipa, ninamupapatila."

Tinatuluka panja, tinakaima kuseri kwa ogulitsa makala, ndipo Mailesi anandiuza zonse akulira. Tsiku lija munamufunsa pafoni kuti mnyamatayo amagwira ntchito yanji, anakumbukira za Petros. Inunso mukumukumbukira, amene munamupitikitsa pakhomo anthu akuonerera, mukunena kuti mlongo wanu sangakwatiwe ndi munthu wa maganyu. Mailesi akuti nthawi yomweyo sitima inkadutsa kuseri kwa nyumba, ndiye anatchula chimene anamva. Bodza likatuluka limafuna kudyetsedwa. Atamva kuti inu, amene mumagwira ntchito ndi makina kumgodi, mudzamupanikiza Kangwa ndi mafunso, anapempha Clive kuti awapezere gemu ya sitima. Yomwe inapezeka ndi ya dizilo ndi batire ija. Kuyambira pamenepo mnyamatayo akaweruka, msana uli wothyoka, amakakhala pakona paja kuphunzira kuimitsa mabogi kuti adzathe kukuyankhani inu.

Ndinamufunsa Kangwa chifukwa chake sanangomusiya mkazi womuika m'mavuto otere. Anati, "Simenti nayo ilema, koma sinimaiponya pakati pa njila." Kenaka anandipempha kuti ngati nkhaniyi iululike, tidzanene kuti wabodza ndi iye, kuti Mailesi asadzanyozeke pamaso pa akwawo. Ndinapita kumeneko kukagwira tambwali, ndipo ndinabwerako ndili ndi manyazi.

Sindikuti achita bwino. Anamiza amayi, anamiza amalume, ndipo Mailesi ndinamukalipira njira yonse mu minibasi mpaka kondakitala anatiyang'ana. Ndawauza kuti Lachisanu madzulo akagwade kwa amayi ndi amalume, aulule okha. Avomera. Koma za inu ndi nkhani ina. Mailesi anandigwira mkono kuti ndisakuuzeni, ine sindinalonjeze kanthu, ndipo sakudziwa kuti ndalemba.

Alongo, kuchokera pamene atate anatisiya mwatinyamula tonse, ndipo palibe amene angakane zimenezo. Fumbi limene lili m'chifuwa chanu ndi limene linatiphunzitsa sukulu. Ndikudziwa kuti munamuthamangitsa Petros poopa kuti Mailesi angadzavutike ngati amayi. Koma inunso musanapite kumgodi munkakankha wilibala kumsika wa Soweto, ndipo amayi a alamu anga sanakutsekereni chitseko.

Pempho langa ndi limodzi. Mubwere Loweruka, mudzakhale pampando wanu. Kukalipa mudzakalipe, koma m'nyumba, tili tokha, alendo asanafike. Ndipo Kangwa akadzalowa, musadzamufunse za sitima. Mudzamufunse kumene akufuna kukamusunga mlongo wanu, ndipo mudzamulole atsirize kuyankha. Mukadzamuchotsa ulemu pamaso pa akwawo, Mailesi sadzakutsutsani, adzangowerama monga mwa masiku onse, koma ndikuopa kuti ulendo uno adzapita naye popanda kutsanzika aliyense.

Amayi akupereka moni, ati mubwere ndi jekete chifukwa kuno kukuzizira. Amalume nawonso akuti moni. Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti azakhali awo awasungira mtedza. Moni wa Mailesi sindiikamo, pakuti sindifuna kuwonjezera bodza lina m'banja muno. Sabata yatha, nditamuuza kuti tchuthi chanu chatheka, sanafunse kuti mufika tsiku liti. Anandifunsa kuti mudzabwerera liti.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Norah