Laimu M'magazi

Lolemba, 3 Juni

Tabwerako kuchipatala. Adokotala, kamtsikana ka magalasi, akuti apeza chimene chimandigunditsa mtima ngati nyundo, thukuta kamukamu, mutu ngati ukung'ambika. Akuti pamwamba pa impso pamera kachotupa. M'kati mwake muli tizipinda tosaoneka ndi maso, todzaza ndi timatumba ta madzi a mantha. Galu akakuthamangitsa, tizitseko ta tizipindato timatseguka, kashiamu n'kulowa, timatumba n'kukhuthukira m'magazi, munthu n'kupeza liwiro. Tanga akuti tikutseguka popanda galu.

Ndafunsa kuti kashiamuyo ndi ndani. Akuti ndi yemwe ali m'mafupa, mumkaka, ngakhale mu laimu wopaka nyumba. Laimu! Sukulu sindinaipondeko ine, zilembo ndinaziphunzira pa matumba a simenti, koma laimu ndimamudziwa, wandidya zala moyo wanga wonse womanga nyumba za anthu. Ndinamuyang'ana mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga. Iye maso pansi.

Andipatsa mapiritsi ogwira tizitsekoto. Magazi akasiya kuthamanga, chotupacho achichotsa Lolemba likubwerali.

Lachiwiri, 4 Juni

Anapaka laimu m'chipinda mwanga mwezi wathawu ndani? Mpongozi. Amandikakamiza mkaka m'mawa uliwonse ndani? "Imwani, bambo, mafupa alimbe." Alimbe kuti ndipite nawo kuti? Ndipo chipindachi ndi chimene chinayang'ana kumsewu. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake kuti makina ake osokera atakhala mmenemu, makasitomala sangasowe.

Sindikunena kanthu. Ndikungolemba.

Lachitatu, 5 Juni

Piritsi lake loyera mbee, ndipo wosunga ndi mpongozi yemweyo. Ndaponya limodzi m'madzi kuti ndione ngati libwata monga amachitira laimu wamuwisi. Silinabwate. Koma wochenjera sasiya mapazi pamchenga. Akandipatsa ndimalibisa kutsaya, akatembenuka ndimalavulira m'chitini cha misomali.

Lachinayi, 6 Juni

Ndasamukira m'kachipinda kosungiramo zida, makoma ake njerwa zokhazokha. Mkaka ndikupatsa mphaka, ndione chimuchitikire.

Mwana wanga waima pakhomo, manja m'chiuno ngati kapitawo. "Ababa, mwayamba liti kuthawa khoma lomanga nokha?" Ndamuuza kuti akafunse mkazi wake za laimu ndi za makina osokera. Kukhitchini mbale zinasiya kulira, kenako kunayamba kulira munthu. Alire. Ine mtima wanga ukamagunda amandithandiza ndani?

Lachisanu, 7 Juni

Mphaka akunenepa.

Lamulungu, 9 Juni

Ndikulemba ndili pabedi la m'chipatala. Dzulo masana ndinawerama kuti ndinyamule ndowa ya zida, chija chinabwera. Mtima du du du, m'maso bii. Ndili pansi pomwepo mutu unkagwirabe ntchito: mkaka sindinamwe, khomali lilibe laimu, mpongozi ali kumsika. Nanga tizitseko tija watsegula ndani?

Anandipeza ndi iyeyo, pochokera kumsikako. Pondikoka anagunda chitini chija, misomali ndi mapiritsi mbwee pansi ponse. Anawaona, ndinamuona akuwaona. Anaponda msomali koma sanaime, anandiguza mpaka kumsewu akukuwira galimoto. Za mapiritsi wauza adokotala okha. Mwamuna wake mpaka pano akuganiza kuti mankhwala ndiwo anachepa mphamvu. Wamubisira chifukwa chiyani? Apanso ndikuganizapo.

Lolemba, 10 Juni

Lero likanakhala tsiku lochotsa chotupa. Akana, akuti magazi akuthamangabe, atandigoneka pa tebulo sindingadzuke. Tiyambirenso mapiritsi.

Adokotala anakhala pamphepete pa bedi. "Agogo, kashiamu mukanamuthawira kuti? Ali m'magazi mwanu chibadwire, popanda iye mtima sungagunde n'komwe. Mukakana mkaka, mafupa anu omwe amamupereka. Mphepo ilibe mlandu, vuto ndi chitseko."

Ndinati chitseko chotseguka chokha, wolakwa ndi felemu. Anati n'chifukwa chake akufuna kuzula felemu yonse. Kamtsikana aka bambo ake ayenera kuti anali omanga nyumba.

Atachoka kunalowa mpongozi, akutsimphina, piritsi m'dzanja, kapu ya madzi kwinaku.

"Bambo, makina anga akwana pakhonde. Chipinda chanu sindikuchifuna. Mezani."

Ndinameza.

"Yasamani ndione."

Ine, munthu wa imvi, kuyasamira mpongozi ngati mwana wa mbalame! Ndinayang'ana kuzenera. Ndinayang'ana kudenga, kumene wina anapaka laimu mosadziwa ntchito. Ndinayang'ana phazi lake lomangidwa bandeji.

Ndinayasama, lilime ndinatukula ndekha.